Netiweki Yodikira Ankhoswe

Linali dzinja lotsatira chisankho chachitatu chiyambire matipate, nthawi imene aliyense anali ndi pakamwa. Pa wayilesi anthu ankaimba foni n'kumadzudzula nduna mosaopa, m'matola a ku Senga Bay ndale zinkakambidwa mokuwa mpaka kondakitala kuiwala kutsitsa anthu, ndipo ngakhale asodzi posoka maukonde ankatsutsana za malamulo a dziko. Ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa ndi dzinja lomwelo pamene mudzi wonse unandibisira mawu ochepa chabe, oti munthu akanawanena akudutsa pakhomo.

Ndinkagwira ntchito yosunga katundu pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja. Kwathu ndi ku Mchinji, koma ndinkakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga, m'mudzi wa kumtunda kwa lojiyo. Ntchito yowerenga matawulo ndi mabotolo inali itanditopetsa, choncho ndinalembetsa maphunziro a kayendetsedwe ka mahotela ku koleji ina ya ku Joni, yophunzitsa anthu ali kwawo. Zonse zinkayenda pa intaneti. Ndinali nditafika kumapeto, kutangotsala ntchito yaikulu yomaliza, imene ndinailemba miyezi yambiri ndipo inkayenera kutumizidwa mwezi wa February usanathe. Eni loji anali atandiuza pamaso pa anzanga kuti ndikakhoza dipulomayo, potsegulira loji pa Pasaka ndidzakhala wachiwiri kwa manijala. Ndikalephera, adzatenga munthu wa ku Lilongwe.

Kompyuta anandipatsa ndi eni loji omwewo atagula zatsopano. Pamwamba pa thanki ya madzi ya ku loji panali kansanja kotumiza intaneti popanda waya, ndipo mmisiri wa ku Lilongwe amene anakaika anavomera kundilumikiza. Tinazika mlongoti wautali wa bulugamu kuseri kwa nyumba, pamwamba pake n'kumangapo eriyo. Eriyoyo inali ngati sefa yaikulu ya waya, pakati pake patatuluka kachitsulo kakatali kosongoka. Mmisiriyo anakhalitsa pamwamba akuipotoza pang'onopang'ono, ine ndili m'nyumba kukuwa kuti yabwera, yachoka, yabweranso. Atatsika anandiuza kuti chinthu chimenechi n'chansanje, chimafuna kuyang'anizana ndi chinzake cha ku loji maso ndi maso, ndipo chikangocheuka pang'ono, basi zatha. Kuyambira pamenepo zinkayenda bwino, ndipo ndinkaphunzira madzulo aliwonse ndikaweruka.

M'dzinja loji inkatsekedwa. Eni ake ankakiya ofesi ndi sitolo n'kupita kwawo kunja, kusiya mlonda ndi kansanja kaja kakuyakabe. Ine ndinkasangalala nazo chifukwa inali nthawi yanga yolemba.

Ndiye kunagwa maliro. Anamwalira anali mayi aakulu a mkazi wanga, ndipo amene anakhalapo chikamwini akudziwa kuti pa maliro mkamwini sakhala pansi. Ndinawaza nkhuni, ndinatunga madzi, ndinakabwereka mabenchi ku tchalitchi. Kompyuta sindinaiyandikire n'komwe, chifukwa ndani angamagogode makiyi anthu akulira panja? Tsiku lotsatira kuika maliro ananditumanso kukabweza mabenchi aja pa ngolo, ndipo ng'ombe zake zinali zaulesi moti ndinabwerako dzuwa litapendeka. Anthu atabalalika, nyumba itasesedwa, ndinakhala pa tebulo langa n'kuyatsa kompyuta kuti ndione zimene mphunzitsi wanga wanena pa mutu womaliza.

Pakona ya sikirini panali kachithunzi kakang'ono kamene kankaphethira intaneti ikamayenda. Tsiku limenelo kanali ndi mtanda wofiira.

Sindinadandaule poyamba. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, monga amachitira aliyense. Ndinazula mawaya onse n'kuwabwezera limodzilimodzi. Ndinatsegula kumbuyo kwa kompyuta, ndinauzira fumbi, ndinakanikiza kachipangizo kolandirira netiweki kuti mwina kakhwepa. Mtanda uja unali pomwepo. M'mawa mwake ndinalondola waya kuchokera pawindo mpaka pa mlongoti, ndikumupapasa ndi zala, poti kwathu kuno makoswe ndi chiswe sizisankha chakudya. Waya anali wabwinobwino. Pamene amalumikizana ndi mnzake panali kadzimbiri ka chinyontho cha kunyanja, ndipo nditakaona ndinasangalala kuti ndagwira mbava. Ndinapala bwinobwino, ndinakulunga ndi tepi watsopano, ndinathamangira m'nyumba. Palibe chinasintha.

Kenako ndinaganiza kuti mwina vuto lili ku loji. Ndinatsetsereka kukaona, ndipo mlonda anandilozera kagetsi kobiriwira pa kansanja kaja, kakuphethira monga mwa masiku onse. Anati magetsi sanavute, mphenzi sinagwe, ndipo palibe anakwerapo. Pobwerera ndinaima pa kanyumba koimbitsa foni pamsika n'kumuimbira mmisiri wa ku Lilongwe uja. Iye anati kubwera sangathe, ali ndi ntchito kumpoto, koma ndiyang'ane eriyo ngati sinacheuke ndi mphepo. Ngati eriyo ili bwino, waya ali bwino, ku loji kukuyaka, ndiye kuti matenda ali m'kati mwa kompyuta momwemo.

Apa ndiye pamene nkhani imandipsetsera mtima. Ndinabwereka makwerero kwa mmisiri wa nyumba, ndipo amene anandigwirira makwererowo anali alamu anga, mchimwene wake wa mkazi wanga, munthu amene tinkadyera mbale imodzi. Ndinakwera, bulugamu ali tererere ndi mvula. Pamwamba ndinapeza mabawuti onse ali olimba, dzimbiri lake losakhudzidwa, eriyo yosagwedera ngakhale pang'ono. Ndinayesa kuyang'ana ku loji koma sindinaone kanthu, chifukwa mitengo ya mango ndi msitu wa kumanda zinali zitatseka ndi masamba a dzinja. Ndinatsika ndikukhulupirira kuti eriyo ili mmene anaisiyira mmisiri.

"Alamu," ndinafunsa, "kodi masiku a maliro aja palibe amene anakwera apa?"

"Kukwera? Ayi alamu, sanakwerepo munthu," anayankha akuyang'ana zala za kumapazi. "Ife za makinazi tizidziwira kuti?"

Amalume a mkazi wanga, amene anali mwinimbumba pamudzipo, anali munthu wofatsa, womwetulira nthawi zonse, wosadziwa kukweza mawu. M'mawa uliwonse popita kumunda ankaima pakhomo panga, khasu paphewa.

"Mwadzuka bwanji akamwini? Nanga makina aja adzuka bwanji?"

"Akudwalabe, apongozi. Kodi inu simunaone munthu akuseweretsa mlongoti uwu?"

"Mlongotitu uli pomwe munauzika," ankatero, n'kupukusa mutu mondimvera chisoni. "Pepani ndithu. Limbani mtima."

Mwaona? Palibe amene anandinamiza. Aliyense ankasankha mawu ake mosamala ngati akusankha mpunga m'lichero, kuti bodza lisalowe, koma choonadi chisatulukenso. Ine ndinkangozungulira nyumba ndi sikuludiraiva m'manja, ndevu zosameta, mudzi wonse ukundiyang'ana. Amayi akamapita kumjigo ankandipatsa moni wachifundo kuposa kale. Ndinkayesa kuti akundimvera chisoni chifukwa cha maphunziro anga, ndipo ndinkawathokoza.

Mkazi wanga masiku amenewo anachepetsa zolankhula. Ndinkati n'chisoni cha maliro. Tsiku lina ndikulimbana ndi kompyuta anaima pakhomo la kuchipinda n'kunena kuti, "Bambo, bwanji mungodikira pang'ono? Mwina zidzakonzeka zokha."

"Zokha? Makina amachira okha ngati chimfine?" ndinamukalipira. "Mwezi ukutha uwu, mayi. Ukatha ndiye kuti chaka chonse chalowa m'madzi."

Anangotembenuka n'kupita kukhitchini.

Madzi atafika m'khosi ndinaganiza zoinyamula kompyutayo kupita nayo ku boma. Ntchito yanga inali ndi zithunzi zambiri za zipinda ndi khitchini ya loji, moti pa disiketi sinkakwana, ndipo kompyuta yanga yakaleyo inalibe chipangizo choikira zinthu pa sidi. Maganizo anga anali akuti ku Salima akandichotsere ntchitoyo n'kuiika pa sidi, ndikaitumize pa kafe ya intaneti mmene inalirimo, kenako akonze matendawo mosathamanga. M'mawa wa ulendowo kunkawaza mvula. Mkazi wanga anatulutsa chitenje chake chatsopano, anaikulunga kompyuta bwinobwino, anaivekanso pulasitiki, ndipo anandisenzera mpaka pamsewu. Alamu anandithandiza kuikweza m'matola. Ndinaifungatira pamiyendo ulendo wonse, pakati pa madengu a usipa.

Wokonza makompyuta anali ndi kashopu pafupi ndi depoti. Anali bambo wovala tayi, wolankhula Chingerezi chambiri, ndipo asanaiyatse n'komwe anali atadziwa kale matenda.

"Vayirasi imeneyi, bwana. Yavuta kwambiri chaka chino. Mankhwala ake n'kufomata basi."

"Kufomata ndiye kutani?"

"Kufufuta zonse, n'kuikamo zatsopano. Imatuluka ngati ya mushopu."

Ndinamuuza mobwerezabwereza kuti asafufute kanthu asanandichotsere ntchito yanga. Ndinamulembera dzina lake la ntchitoyo, ndinamuuza kuti aipeza pa sikirini pomwepo akangoyatsa. Anaseka n'kundigwira paphewa, nati zimenezo ndi zazing'ono, iye amakonza makompyuta a m'maofesi akuluakulu. Tili m'kati molumikiza mawaya, magetsi anathima tauni yonse. Tinadikira mpaka masana, sanayake. Anandiuza kuti ndiisiye, ndibwere mawa, ndidzapeza sidi yanga ili tayale.

Mawa lake ndinapeza kompyuta ili pa tebulo, yopukutidwa, ikuwala. Bambo uja anandipatsa sidi ndi manja awiri, monyadira. Anati magetsi anayaka madzulo, ndiye anaona kuti asanditayitse nthawi, wachita zonse pamodzi. Ndinathamanga nayo sidiyo ku kafe ya kutsidya kwa msewu. Dzina la ntchito yanga linalipo ndithu. Nditadina, kompyuta inandiuza kuti chimene ndikufuna sichikupezeka. Mayi woyang'anira kafeyo anabwera, anayang'ana, ndipo anandifotokozera mofatsa kuti chimene chili pa sidi si ntchito yeniyeniyo ayi, ndi kachizindikiro chabe kolozera kumene ntchitoyo inkakhala m'kati mwa kompyuta yanga. Bambo wa tayi anakopera chikwangwani n'kugwetsa nyumba.

Zimene ndinalankhula mu kashopu kaja sindingazilembe pano. Anthu a pa depoti anasonkhana pakhomo. Bambo uja ankangobwereza kuti vayirasi ndi imene yadya, ndipo pamapeto pake anandifunsanso ngati ndikufuna andiikiremo nyimbo. Ndinabwerera ku kafe, ndinalembera a koleji kuwafotokozera zonse ndi kuwapempha kuti andiwonjezere nthawi. Kulembanso m'masiku otsalawo sikukanatheka. Ndemanga za mphunzitsi zinapita, zithunzi zinapita, ndipo mabuku a loji amene ndinatengamo zambiri anali okiyiridwa mu ofesi, makiyi ali kutsidya kwa nyanja zamchere.

Ndinafika kunyumba ndi kompyuta yopanda kanthu. Komabe kamtima kena kankati, chabwino, ntchito yapita, koma netiweki ibwera, ndimva yankho la koleji ndili pakhomo. Ndinalumikiza zonse, ndinabwezeretsa manambala amene mmisiri anandisiyira, ndinayatsa. Mtanda wofiira uja unabwera pamalo pake pomwe, ngati sunachokepo. Ndinaizimitsa. Mkazi wanga atamva zimene zachitika ku boma anagwira pakamwa, anatuluka, ndipo ndinamumva akulira kuseri kwa khitchini. Ine wopusa ndinapita kukamutonthoza.

February anatha. Kawiri ndinapita ku kafe kukaona ngati a koleji ayankha, koma kunali zii. M'mawa uliwonse apongozi ankafunsabe za makina.

Chimanga chitayamba kukhwima, tsiku lina masana ndinangoona munthu akulowa pabwalo ndi ambulera ndi kachikwama. Anali amalume anga a ku Mchinji, nkhoswe ya ukwati wanga. Ndinayesa kuti kwathu kwagwa zovuta. Iwo anati kumudzi onse ali bwino, abwera chifukwa anaitanidwa.

"Anakuitanani ndani, amalume?"

"Eni mudzi uno. Akuti pali kankhani kako. Uthenga unandipeza kalekale, anabwera nawo mayi wina wogulitsa usipa pamsika wa kwathu. Koma nanga fodya ndikanamusiyira yani? Ndamaliza kuthyola dzana, ndiye ndati ndikamve."

Anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Mbali ina kunakhala apongozi aja ndi alamu, mbali ina amalume ndi ine, ndipo mkazi wanga anakhala chapatali ndi amayi ake, mutu uli pansi. Anayamba ndi malonje. Anakamba za mvula, za mtengo wa feteleza, za msewu wa ku Mchinji. Ine ndinkangodzifunsa kuti ndalakwanji, poti mkazi wanga sindinamumenyepo, mowa sindimwa, ndipo munda wa apongozi ndinkalima.

Kenako apongozi anaomba m'manja pang'ono n'kuyamba, akulankhula kwa amalume ngati ine palibe.

"Zikomo ankhoswe. Mwana wanuyu tilibe naye chifukwa, ndi munthu waulemu. Koma pa maliro a mlongo wanga paja panaoneka chinthu. Adzukulu ali m'kati mokumba manda, wina anadzutsa mutu, n'kuona pa mpata wa mitengo chitsulo chili pamwamba pa mlongoti wa mwana wanuyu chitawaloza. Kuloza kwenikweni, ngati chala, pamanda penipeni. Inu mukudziwa, ngakhale mwana wamng'ono timamuletsa kuloza kumanda. Nanga ichi chikuloza usana ndi usiku? Adzukulu anakwiya, anati sakwirira mpaka tilonjeze kuti chichoka. Tinawapepesa. Ndiye m'mawa mwake, mwana wanuyu atapita kukabweza mabenchi, anabwera ndi makasu awo, anafukula pang'ono patsinde, anaupotoza mlongoti wonse kuti chalacho chiyang'ane kumbali, n'kukwiriranso. Sanawononge kanthu ayi, sanakwere n'komwe. Koma poti ndi katundu wa mkamwini, ndipo nkhani ndi ya kumanda, sitikanamuuza ife pamaso ngati tikumuweruza. Tinati mwambo utsatidwe, amve kudzera kwa nkhoswe yake."

Amalume anagwedeza mutu mokhutira. Anatembenukira kwa ine n'kuyamba kundibwerezera nkhani yonseyo kuyambira pachiyambi, ngati ndinali ku Mchinji pamene inkanenedwa.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndikukumbukira kuti mawu anga ankamveka achilendo.

"Apongozi, m'mawa uliwonse munkaima pakhomo panga. Munkandifunsa kuti makina adzuka bwanji. Inu alamu, munandigwirira makwerero! Ndikanagwa pamenepo mukanati chiyani? Uthenga wochokera nyumba iyo kubwera nyumba iyi unayenera kukwera basi, kukagona ku Mchinji, kudikira fodya?"

"Khala pansi, iwe," anatero amalume. "Pali akuluakulu pano."

"Amalume, chaka changa chapita! Ntchito yanga yafufutidwa chifukwa ndinkafuna matenda m'kompyuta yabwinobwino, anthu onsewa akuonerera!"

"Madzi akatayika saoleka," anatero amalume. "Komanso iwe, safunsa anadya phula. Ukanafunsa eni mudzi usanazike chinthu chako."

"Pozika analipo onsewa, anandithandiza kukumba dzenje. Ndipo chitafa ndinafunsa. Ndinafunsa aliyense, phulalo n'kudyabe!"

Apongozi sanakwiye. Anangoti akumva chisoni kwambiri, iwo sankadziwa kuti kupotoza pang'ono chabe kungaphe makina, ndipo pamene anazindikira, uthenga unali utapita kale kwa ankhoswe, ndiye sakanaudumpha. Anawonjeza kuti mkamwini akafuna, asamutse mlongoti wake auike pena paliponse, bola usaloze kumanda. Mawu amenewa ndi amene anandimaliza. Ine ndi manda a eni ake ndinalibe nawo mkangano. Makolo anga nawonso agona m'msitu ngati womwewo, ndipo nanenso ndinakula ndikupinda chala podutsa. Akanandiuza tsiku lomwelo, ndikanapepesa adzukulu ndi nkhuku, n'kusamutsa mlongoti dzuwa lisanalowe.

Tinausamutsa m'mawa mwake. Tinauzika kuseri kwa khola la mbuzi, pamene munthu ukakwera umaona thanki ya loji bwinobwino, msitu wa manda uli kudzanja lamanzere. Alamu ndi amene anakumba dzenje, mwakhama ngati akulipira mlandu. Iwo ankapotoza mlongoti pang'onopang'ono, ine ndili pawindo kuyang'ana sikirini. Tiyi asanapse, mtanda wofiira unachoka, kachithunzi kaja n'kuyamba kuphethira. Ntchito yonse inali yomweyo.

Yankho la koleji linali litafika. Anati akumva chisoni ndi zimene zandichitikira, koma lamulo ndi la onse, nthawi inatha, ndipo ngati ndikufuna ndidzayambirenso gawo lomalizalo chaka chamawa. Pa Pasaka loji inatsegulidwa, munthu wa ku Lilongwe anabwera, ndipo ine ndi amene ndinamuyendetsa kumuonetsa zipinda ndi kumene timasunga matawulo.

Amalume atabwerera kwawo ndinakhala masiku osalankhula ndi mkazi wanga kupatula moni. Tsiku lina akusankha mpunga pakhonde ndinakhala pambali pake.

"Mayi, enawo ndawamva. Koma inu? Timagona nyumba imodzi. Kungonditsina khutu kokha, kuti bambo yang'anani patsinde pa mlongoti. Munandisenzera kompyuta mpaka pamsewu mukudziwa kuti ilibe matenda."

Anasiya lichero. Sanalire ulendo uno.

"Anandiletsa amalume, pamaso pa amayi. Koma si chifukwa chokhacho ayi. Ndimakudziwani, bambo. Ndikanakuuzani sabata imene ija, mukanatuluka ndi ukali wanuwo kukazazira amalume ndi adzukulu, dothi la pamanda a mayi aakulu lisanaume. Mkamwini wotero pamudzi pano sagonapo kawiri. Akanakulongedzerani katundu, ine n'kutsala ndi ana. Ndinaona kuti sukulu mudzabwereza, koma ukwati sakanatibwezera. Za kufufutazo sindinadziwe kuti zingachitike."

Mwina ankanena zoona. Mwina ndikanazaza, mwinanso ayi, palibe amene anandipatsa mpata woti tione. Chaka chotsatira sindinabwereze, chifukwa mpando umene ndinkaufuna unali ndi mwini wake kale, ndipo mtima wa sukulu unali utachoka. Mkazi wanga anaika ukwati mbali ina, dipuloma mbali ina, anayeza yekha n'kusankha ukwati, ndipo tili limodzi mpaka lero. Koma dipulomayo inali yanga, ndipo sanandifunse.